Mkute wa Dzuwa

Pa nyumba ili yonse pamene anthu adya nakhuta pamatsala funso limene ana saliganizira, koma mayi wa pa nyumbapo amakumana nalo masiku onse: kodi nsima yotsalayi ipite kuti? Wina amaivundikira kuti ikhale mkute wa m'mawa. Wina amaitumiza kwa nkhalamba yokhala yokha kumapeto kwa mudzi. Wina amaiponyera nkhuku. Onsewa sitiwadzudzula, pakuti ali yense ali ndi chifukwa chake. Amene timamudzudzula ndiye woisiya m'mbale kufikira itasasa.

Masiku ano kwafika chotsala cha mtundu wina chimene makolo athu sanachidziwe. Ndicho magetsi a dzuwa amene munthu wapanga pa denga lake, napeza kuti achuluka koposa amene nyumba yake ifuna. M'maiko ena, makamaka ku Britain ndi ku Australia, anthu ambiri amatenga magetsi otsalawa ndi kutenthetsera madzi osamba. Poyamba nkhaniyi ioneka ngati ya amisiri okha. Koma m'kati mwake muli funso lakale lija la mayi ndi nsima yake, ndipo ndifuna kuti inu owerenga mulisinkhesinkhe pamodzi ndi ine. Kodi chotsala mwini wake ndani? Nanga munthu wodzisungira chotsala chake timutche wanzeru kapena womana?

M'mene magetsi amatsalira

Sola, ndiyo galasi lakuda lija loikidwa pa denga, imapanga magetsi ambiri dzuwa lili paliwombo, ndipo usiku sipanga kanthu. Koma masana ndiyo nthawi imene m'nyumba muli zii. Akulu ali ku ntchito, ana ali ku sukulu. Magetsi afunika kwambiri madzulo, pamene dzuwa lalowa kale. Ndiponso magetsi sali ngati chimanga chimene mungakolole lero ndi kudya mwezi wa mawa. Ayenera kugwira ntchito pa nthawi yomweyo imene apangidwa. Kuwasunga kufuna batire, ndipo batire lalikulu ndi lokwera mtengo.

Ngati nyumbayo ili yolumikizidwa ku mawaya a magetsi a dziko lonse, otsalawo amatuluka okha ndi kupita ku nyumba zoyandikana nayo, monga madzi a mu ngalande amapitirira dimba limene lakhuta kale. Tsono amisiri anapanga kabokosi kotseka njira imeneyi. Kali ndi chogwirira chimene chimakumbatira waya wamkulu pafupi ndi mita. Kakangomva kuti magetsi ayamba kutuluka, kamawatumiza ku chitsulo chotenthetsa chimene chili m'thanki ya madzi, chofanana ndi chija cha m'ketulo ya magetsi. Kuchenjera kwake nkwakuti sikatenga koposa otsalawo. Mtambo ukaphimba dzuwa, kamachepetsa. Wina akayatsa simbi m'nyumba, kamapatsa simbiyo poyamba, thanki nkudikira. Ku Britain timabokosi totere timagulitsidwa ndi maina monga Solar iBoost ndi Eddi. Thanki yakeyo, abale athu amene anagwirako ntchito ku Johannesburg amaidziwa ndi dzina lakuti giza.

Tiyeni tichite masamu pang'ono, pakuti nkhani ya chilungamo yopanda masamu imasokeretsa. Magetsi amayesedwa ndi yuniti, yomweyo imene anthu a m'tauni amagula ku ESCOM. Kuti madzi okwana malita 200 achoke pa madigiri 15 ndi kufika pa madigiri 60, pafunika mayunitsi 10 ndi pang'ono pamwamba. Nyumba ya ku Britain yokhala ndi masola a makilowati 4 ikhoza kupanga mayunitsi opitirira 20 pa tsiku lowala bwino la mwezi wa June, ngakhale kuti mu December, nthawi yawo ya chisanu, imapanga ochepa kwambiri. Motero m'miyezi ya dzuwa thanki yonse ikhoza kutentha ndi zotsala zokha. Popeza ndi yokutidwa bwino, madziwo amakhala otentha usiku wonse, ndipo banja limasamba m'mawa ndi dzuwa la dzulo. Nchifukwa chake ndautcha mkute. Ndipo monga mkute, nawonso ukhoza kudwalitsa ukasungidwa mosasamala. Madzi ongofunda amene akhalitsa m'thanki amaswa tizilombo toyambitsa matenda a m'mapapo, ndipo pa chifukwa ichi amisiri amalangiza kuti azifika pa madigiri 60.

Anthu awiri atsutsana

Woyamba ati: "Denga ndi langa. Masola ndinagula ndi thukuta langa. Ndikatulutsa magetsi masana kampani indipatsa kakang'ono, koma madzulo ikamandigulitsa magetsi omwewo ifuna zambiri. Ndine chitsiru kodi kuti ndizigulitsa motsika ndi kugula mokwera? Ndisunga zanga." Munthu ameneyu sitingamunyoze. Ali ngati mlimi amene akana kugulitsa chimanga chake mu May kwa mavenda pa mtengo wolira, podziwa kuti mu January adzachigula kwa iwo omwewo pa mtengo wa moto. Mlimi wotere timamuyamika.

Wachiwiri ati: "Kupatsa nkuika. Magetsi amene mwatsekereza m'thanki mwanu akadayatsa nyale kapena firiji ya mnzanu. Popeza simunamupatse, kwina kwake ayenera kutentha gasi kuti iye apeze magetsiwo." Ameneyu ali ndi masamu ake, ndipo ndi oona. Nyumba zambiri za ku Britain zimatenthetsa madzi ndi gasi. Dzikolo limapanganso gawo la magetsi ake ndi gasi, ndipo m'makina opangira magetsiwo pafupifupi theka la moto wa gasi limatayika. Chotero yuniti imodzi imene mwatumiza kwa mnansi ikhoza kupulumutsa mayunitsi awiri a gasi ku makina aja. Koma yuniti imene mwaiika m'thanki ipulumutsa imodzi yokha ndi kapang'ono, ndiyo imene mukadatentha pa nyumba panu. Magetsi ndi mphamvu yodziwa ntchito zambiri. Amawalitsa, amasoka, amapopa madzi, amaziziritsa mankhwala. Madzi otentha ntchito yake ndi imodzi basi. Kusandutsa magetsi kukhala madzi otentha pamene ena akuwafuna kuli ngati kudyetsa nkhuku ufa woyera madeya alipo.

Ine ndiona kuti wachiwiriyu ali ndi mlandu wolimba koposa m'mene eni timabokosi amavomerera. Mawu akuti "chotsala" ndi onyenga. Amanena za mimba ya mwini nyumba yokha, kuti yakhuta. Sanena kanthu za mimba ya mudzi. Koma tisafulumire kugamula, pakuti pali zina ziwiri zoti tizione.

Malipiro a theka

Mu April 1910 kunalibe nkhani yotere, koma zaka 100 pambuyo pake, mu April 2010, boma la Britain linayamba kulipira anthu oika masola pa madenga awo, pofuna kuti achuluke. Malipirowo anali a mitundu iwiri. Woyamba unali wa yuniti ili yonse imene sola yapanga, ndipo oyambirira ankalandira mapeni 41 ndi kanthu pa yuniti. Wachiwiri unali wa yuniti ili yonse imene yatuluka kupita kwa ena, mapeni 3 poyamba. Vuto linali lakuti nyumba zambiri zinalibe mita yoyeza magetsi otuluka. Tsono lamulo linati: popeza sitingathe kuyeza, tidzangoyesa kuti nyumba ili yonse yatulutsa theka la magetsi amene yapanga, ndipo tidzailipira theka limenelo.

Mwaona kale pamene pali mpata. Munthu woika kabokosi kaja ankatha kutsekereza magetsi ambiri otsala m'thanki mwake, nkutulutsa ochepa okha, koma nkumalandirabe malipiro a theka limene ankayesedwa kuti watulutsa. Ankadya nsimayo yekha, nalandiranso zikomo wa munthu amene sanamupatse.

Kodi kumeneku ndi kuba? Lamulo silinamuletse. Sananame kwa munthu, pakuti palibe anamufunsa. Ndalama zakenso sizinali zambiri. Masola a makilowati 4 ku Britain amapanga mayunitsi pafupifupi 3,400 pa chaka. Theka lake ndi 1,700, ndipo pa mapeni 3 zikwana mapaundi 51 pa chaka chonse. Ena anganene kuti pa kandalama kotere sipafunika kuutsa mtima wa munthu.

Koma tiyeni tifunse kumene ndalamazo zinkachokera. Sizinkagwa kumwamba pamodzi ndi dzuwa. Zinkaonjezedwa pa mabilu a magetsi a anthu onse a m'dzikomo. Pakati pa olipirawo panali anthu okhala m'nyumba za lendi, amene alibe denga lawolawo, ndi ena amene sakadatha kugula masola ngakhale atafuna. Yerekezani kuti mfumu ya mudzi yanena kuti ali yense wokolola bwino aziika theka la zotsala zake m'nkhokwe ya mudzi, ndipo mudzi wonse uzisonkha kumuthokoza. Popeza mfumu ilibe nthawi yowerenga madengu, ingokhulupirira kuti onse aika. Munthu wina saika kanthu, koma tsiku la chithokozo ali patsogolo, manja ali tambalale. Ku bwalo la milandu sangamupeze wolakwa, pakuti mfumu yokha ndiyo inasiya kuwerenga. Koma kodi inu mungamusankhe kuti asunge ndalama za mpingo?

Ine sindimutcha mbala. Ndikhulupirira kuti ambiri a iwo sanaganizepo nkomwe za kumene mapeniwo ankachokera, ndipo wogulitsa kabokosi sakadawakumbutsa. Komabe sindingamuike patsogolo pa ana a sukulu ndi kunena kuti tengerani uyu. Pali zinthu zambiri zimene lamulo limalola chifukwa chakuti lilibe maso, osati chifukwa chakuti ndi zabwino. Ife aphunzitsi tidziwa kuti khalidwe la mwana limaoneka pamene tatuluka m'kalasi, ndipo nyumba yopanda mita ili ngati kalasi imene mphunzitsi watulukamo. Kuchepa kwa ndalamako sikusintha mtundu wa chinthucho, kungochepetsa kulemera kwake.

Chimene chinatsatira ndi chophunzitsa koposa. Pa 31 March 2019 boma linaleka kulandira anthu atsopano m'malipiro aja, ngakhale kuti akale anapitiriza kulandira monga mwa pangano lawo. Kuyambira 1 January 2020 panabwera njira yatsopano, yakuti munthu azilipidwa pa mayunitsi okhawo amene mita yaona kuti atulukadi. Ndipo m'zaka za 2023 ndi 2024 makampani ena ankalipira pa yuniti yotuluka koposa mtengo wa yuniti ya gasi. Pamenepo munthu wodziwa masamu anaona kuti phindu lili pa kugulitsa magetsi onse otsala ndi kutenthetsa madzi ndi gasi monga kale. Kodi tinene kuti anthuwa anasanduka opatsa? Iyayi. Kale ankatsata peni, ndipo tsopanonso akutsata peni. Chinasintha ndi kumene peniyo inaloza. Apa ndiona kuti mlandu waukulu uli kwa oika malamulo ndi mitengo. Anthu ambiri sali oipa, koma salinso oyera mtima oti tsiku ndi tsiku azisankha chowaluzitsa. Boma lanzeru limaika peni pa njira imene ithandiza mudzi, kuti munthu wamba asamavutike kusankha pakati pa thumba lake ndi mnansi wake.

Mphatso yofika pa ola lolakwika

Chachiwiri choti tione chili ku Australia, kumene pafupifupi nyumba imodzi mwa zitatu zili zonse ili ndi masola. M'chigawo cha South Australia, mu October 2020, linafika tsiku limene kwa ola limodzi magetsi a dzuwa okha anakwanira chigawo chonse. Kumeneko masana a tsiku lowala nyumba zonse zimafuna kupatsa pa nthawi imodzi, ndipo wolandira palibe. Mawaya amalemedwa, kotero kuti nthawi zina oyang'anira magetsi amazimitsa masola a anthu kuti zinthu zisaonongeke. Pa ola lotere munthu wotenthetsa madzi ake samana wina ali yense. Athandiza ndithu, pakuti amachotsa katundu pa mawaya masana, ndipo usiku sadzafunanso magetsi otenthetsera madzi. Kupatsa munthu chidebe cha madzi mvula ili kugwa si ufulu.

Apa ndi pamene wachiwiri uja, wa kupatsa nkuika, apelewera. Chinthu chimodzimodzi, kabokosi komweko ndi thanki yomweyo, chikhala kumana pa malo ena ndi kuthandiza pa malo ena. Chosiyanitsa sichili pa denga la mwini, chili pa kusowa kwa anansi pa ola limenelo. Kabokosi sikadziwa zimenezi. Kamangomva kuti magetsi akutuluka, nkuwabweza. Sikangafunse ngati kunjako kuli wowafuna, ndiponso sikangafunse ngati m'nyumbamo muli woti asambe. Banja likapita ku ulendo osakazimitsa, kamapitirizabe kusunga thanki yotentha tsiku ndi tsiku, madzi osamusambitsa munthu. Palinso msampha wina wa mumtima. Munthu akamva kuti madzi otentha ndi aulere amayamba kusamba nthawi yaitali, ndipo chimene dzulo chinali chotsala lero achiyesa chofunika.

Nanga kuno kwathu?

Kwathu nkhaniyi ili ndi nkhope ina. Masola afika m'midzi yambiri, pa nyumba za anthu, pa masukulu ndi pa zipatala zazing'ono, koma ambiri a iwo sali olumikizidwa ku mawaya a dziko. Amadzaza batire basi. Batire likadzaza, kachipangizo koliteteza kamatseka njira, ndipo dzuwa lonse la masana limangothera pa denga. Palibe mnansi amene alandira, palibenso amene amanidwa. Imeneyi ndiyo nsima yosasa m'mbale. Pa malo otere funso lakuti kutenthetsa madzi ndi kumana kapena ayi silikhalapo, pokhapokha ngati pali ntchito ina yoposa imene magetsiwo akadagwira.

Ndipo kawirikawiri ntchito yoteroyo ilipo. Ngakhale kulibe waya wopita kwa mnansi, mnansiyo ali ndi miyendo. Akhoza kubwera ndi foni yake, tochi yake, kapena batire la wailesi. Zimenezi zifuna magetsi ochepa kwambiri, ndipo phindu lake kwa iye ndi lalikulu koposa la madzi ofunda kwa inu. Nyumba imene itenthetsa madzi ndi zotsala, koma ibweza mwana wa mnansi wodzapempha kutchaja tochi yowerengera usiku, yagwa pa mlandu womwe uja wa ufa woyera ndi nkhuku.

Tisanamizanenso za kukula kwa chotsalachi. Sola ya mawati 100 ikatsala ndi maola atatu a dzuwa lamphamvu siingapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a yuniti. Zimenezo zikweza ndowa ya malita 20 ndi madigiri ngati 13 okha. Zichotsa kuzizira kwa madzi a mu June, koma siziwiritsa kanthu. Ndiponso ngati chimene munthu afuna ndi madzi ofunda okha, asagule sola chifukwa cha chimenecho. Sola imasandutsa magetsi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a dzuwa limene laigwera, pamene chigubu chakuda choikidwa pa dzuwa chimamwa kutentha kwa dzuwalo mwachindunji, ndipo mtengo wake ndi wochepa.

Koma pamene pali masola akuluakulu, monga pa chipatala kapena pa nyumba ya munthu wopata, chotsalacho sichichepa, ndipo tiyenera kufunsa kuti wopindula ndani. M'nyumba zathu zambiri amene asamba madzi otentha si amene awatenthetsa. Bambo amapeza madzi ali kale kubafa. Mayi kapena mtsikana ndiye analawira kukatola nkhuni, nakoleza moto, napuma utsi, ndipo mtsikana yemweyo ndiye amafika ku sukulu belu litalira kale. Choncho pamene bambo awerengera ngati thanki ndi kabokosi zili ndi phindu, asawerengere ndalama za makala zokha. Ntchito ya mtsikanayo siilembedwa pa bilu ili yonse, monga momwe magetsi a nyumba zija za ku Britain sanalembedwe pa mita. Mitengo ya m'phiri nayonso ilibe mita.

Chomwechonso pa chipatala cha kumudzi. Amayi ambiri amachira usiku, pa ola limene kulibe dzuwa, ndipo odikirira odwala ndiwo amakoleza moto panja kuti apeze madzi ofunda. Ngati pa denga la chipatalacho pali masola amene batire lake limadzaza masana asanathe, komiti ya chipatala iyenera kuitana mmisiri wodziwa ntchito kuti ayese kuchuluka kwa zotsalazo. Firiji ya katemera ndi nyale za m'chipinda chochirira zikhale zoyamba nthawi zonse. Zimenezi zikakhuta, thanki ilandire.